Thanga Lopanda Mimba

4 Febuluwale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku tauni pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, kungoti mlamu wanu dzino likumuvuta, koma pakamwa sipanatsekeke ayi.

Nkhani ndi iyi. Bwato la malemu bambo lija ndalidzutsa. Matabwa owola ndachotsa, ndakhoma atsopano, ndamata phula, ndipo lagona pamadzi osalowa ngakhale dontho. A Sikelo, eni sitolo yaikulu ya kutsidya, analiona. Anandiuza kuti likakhala lokonzeka pamene mphepo ya kumwera ikuyamba, kumayambiriro kwa Meyi, katundu wawo yense wa chaka chino ndiziwolotsa ndine. Ndikachedwa apereka ntchitoyo kwa a bwato la injini. Mukudziwa kuti imvi zandiyamba ndikupalasa mabwato a eni ake. Uwu ndiwo mwayi wanga.

Chatsala ndi thanga. La bambo lija makoswe anadya, chimene anasiya sichingakwane n'kuberekera mwana. Nkhalamba imene inkasoka matanga kuno maso anafa. Ndiye ndati ndivutikirenji pamene mkulu wanga amasoka malona a malole tsiku ndi tsiku.

Adalaivala a lole ya mchere akupatsani kaphukusi ka zingwe zinayi. Cha mfundo imodzi ndi kutalika kwa mtanda wa nsungwi umene thanga limamangidwapo. Cha mfundo ziwiri ndi mbali ya pamwamba ya thanga, cha zitatu ya kumbuyo, cha zinayi ya pansi. Ndajambulanso papepala mmene limaonekera. Musaseke, ine si wojambula.

Ine mng'ono wanu


13 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Moni kwa iwe ndi alamu. Uwauze kuti dzino salinyengerera, akalichotsetse lisanatupitse tsaya. Ife tili bwino, ana akupita kusukulu.

Kalata yako ndaiwerenga mobwerezabwereza, ndipo sindikubisa, misozi inalengeza. Ine ndinachoka kumeneko ndili mwana. Bwato la bambo ndinkangoliona likupita ndi kubwera, chingwe chake sindinagwirepo. Lero wandipatsa ntchito pa bwato lomwelo. Ndiigwira ndi mtima wonse.

Zingwe ndinaziyala pansi m'shedi yathu yosokera n'kuziyeza ndi tepi, kenako ndinabwereza chifukwa poyamba anzanga ankandilankhulitsa. Pali chimene chandisowetsa mtendere. Chingwe cha mfundo ziwiri, cha pamwamba pa thanga, chatalika kuposa cha mtanda ndi chikhatho chathunthu. Nanga nsalu ingatalike bwanji kuposa mtengo umene ikumangidwapo? Komanso pa chojambula chako mzere wa pamwambawo wakhota ngati uta. Kodi unajambulira pabondo, kapena ndi mmene uyenera kukhalira? Kuno lona likakhota m'mphepete akapitawo amatibwezera kuti tiphwasule.

Nsalu ndapeza yoyera, yolimba koma yosalemera. Ndinadula kachidutswa n'kukaviika m'madzi kuti ndione ngati ifupika, sinafupike. Undiuzenso za chingwe chokwezera mtanda pamlongoti, ukufuna chokula ngati chala chachikulu kapena chaching'ono? Chokokera ngodya ya kumbuyo, chimene woyendetsa amagwira m'manja, ndikuganiza chikhale chofewa kuti chisakusupule. Timphete tamkuwa tomangira ndili nato, sitichita dzimbiri.

Uyankhe ndi lole yomweyi. Sindidula nsalu ndisanamve kwa iwe.

Ine mkulu wako


2 Malichi

Mng'ono wanga,

Moni. Kodi kumeneko n'kwabwino? Adalaivala akuti kalata anasiyira alamu chifukwa iwe sunali pakhomo. Mtima wanga uli m'mwamba. Ngati kuli matenda usandibisire.

Vuto langa ndi la malo. Thangali ndi lalikulu, kunyumba kwanga silingayalike ngakhale titatulutsa mipando ndi ana omwe. Abwana andilola kugwiritsa ntchito pansi pa shedi ndi makina aakulu Lamlungu lokhalokha, ndipo mpaka pakati pa mwezi uno basi. Pambuyo pake kukubwera ntchito ya malona ambiri, sipadzapezeka poponda.

Za mzere wokhota uja ndafunsa aliyense. Alonda athu anagwirapo ntchito m'sitima, koma akuti yawo inali ya injini, thanga ankaliona patali ngati ine ndemwe. Anzanga ayamba kunditcha a Kaputeni. Ndikalowa m'mawa amaimirira n'kumenya sawatcha. Ndimaseka nawo, koma nsalu ija sindinadulebe.

Chonde yankha. Mawu awiri okha akwana: wongolani, kapena musawongole.

Ine mkulu wako


10 Malichi

Achimwene,

Moni, ndipo pepani pochedwa. Kuno kulibe matenda. Ndinali kuphiri kokadula mlongoti, mtengo woyamba unapezeka ndi mphako, ndiye ndinakhalitsa. Makalata anu onse awiri ndawapeza mlamu wanu atawatsomeka kudenga.

Achimwene, mzerewo musauwongole. Sindinajambulire pabondo. Thanga si lona. Pamwamba timadula mokhota ndi motalikirapo dala, kuti tikamanga pamtanda nsalu yotsalayo itsikire pakati n'kukhala mimba. Mphepo imakhala m'mimbamo n'kumakoka bwato. Thanga lopanda mimba limangokankhidwa, bwato n'kumayenda cham'mbali ngati nkhanu. Chingwe cha m'mphepetenso posokerera chikhale chokokedwa ndicho, nsalu ikhale yomasuka, ngakhale ichite makwinya. Ndinaiwala kuti inu simunaonepo bambo akudula pamchenga. Kwa ife ndi zinthu zimene sitinena n'komwe.

Chokwezera chikhale ngati chala chachikulu. Chofewa chija mwaganiza bwino.

Lole ya mchere yafa, ili kwa amakanika. Kalatayi ndapatsira bambo wina wogula nsomba zouma, akuti abwera ku tauni posachedwa.

Ine mng'ono wanu


17 Malichi

Mng'ono wanga,

Moni kwa nonse. Lole ya mchere yatulukira lero, adalaivala akuti inali kwa amakanika ndipo kalata yako alibe. Ndiye landira thanga lako.

Dzulo linali Lamlungu langa lomaliza m'shedi. Ndinaima ndi sizasi m'manja nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti iwe unkayeza wekha pamchenga popanda wokugwirira mbali inayo, ndipo chingwe chimatha kutalika pomanga mfundo. Koma mtanda ndi mtengo, sunama. Choncho ndatsata mtanda. Ndinapaka choko pa ulusi, mnzanga anagwira uko ine uku, tinamenya mzere wowongoka ngati njanji, ndipo ndinadula pomwepo. Usachite manyazi ndi cholakwikacho. Sindinauze munthu aliyense kuti chingwe chako chinatalika.

Msoko uliwonse ndadutsamo katatu ndi ulusi wa malona, umene ngakhale mano saudula. M'ngodya ndaikamo zigamba zolimbitsa. Posokerera chingwe cha m'mphepete ndinakoka nsalu mpaka khwinya lililonse linatha. Titalikweza pamtengo wa denga linaima thyathyathya ngati tebulo. Akapitawo analizungulira manja ali kumbuyo, kufunafuna poti anene, sanapeze. Anati pa zaka zonse zimene akhala pano sanaone msoko wotere, ndipo anaitana abwana kuti adzaone.

Zingwe zili m'kati mwa thangalo, chilichonse ndamangirira kapepala konena ntchito yake. Chokwezera ndagula chachikulu, poti sunayankhe, kuopa kuti chingaduke mtanda n'kukugwera pamutu. Polipinda uzitsata mapindidwe angawo. Lisagone pansi, makoswe aja sanasamuke.

Ukaliyesa undilembere tsiku lomwelo.

Ine mkulu wako


24 Malichi

Mng'ono wanga,

Moni. Bambo wogula nsomba uja wandipeza lero kuntchito. Kalata yako inali m'thumba la jekete lake nthawi yonseyi, yafika ikununkha nsomba. Ndaiwerengera kuseri kwa shedi, pamene timataya zidutswa, ndipo ndakhala pomwepo mpaka belu linalira.

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma phula ndadyabe. Chikundiwawa kwambiri ndi mawu ndinakulembera aja, akuti usachite manyazi. Ukawawerenge ngati analemba munthu wamisala.

Tsono undiuze zoona. Kodi thanga lowongoka silingagwire ntchito ngakhale pang'ono? Mwina mukamanga momasula pamtanda mimba ingabwere yokha? Ngati n'lachabe ulibweze ndi lole, ndiona chochita. Meyi sali patali.

Ine mkulu wako


2 Epulo

Achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu ndi ana. Thanga linafika bwino. Anthu onse padoko anabwera kudzaliona, akuti loyera chonchi silinafikepo kuno. Msoko wanu ndi wolimba zedi, umenewu udzaona zidzukulu. Zingwe zonse zakwana, chofewa chija m'manja chikukoma.

Za mimba musadandaule. Bwato lililonse lili ndi khalidwe lake, tikuzolowerana nalo pang'onopang'ono. Kubweza ayi, mwavutika kale mokwanira.

Mlongoti waima. Mlamu wanu dzino anachotsa. Mupereke moni kwa akapitawo.

Ine mng'ono wanu


9 Epulo

Mng'ono wanga,

Moni. Kalata yako yanditula mwala pamutu. Masiku onsewa chakudya sichinkatsika, mayi a ana mpaka anayamba kundifunsa ngati ndachotsedwa ntchito. Ndikuthokoza Mulungu kuti nsalu yolimba yakwirira kulakwa kwanga. Mwina mphepo ikamaliwomba lidzatanuka n'kupeza mimba yake.

Ndinawerengera akapitawo pamene wanena za msoko wodzaona zidzukulu. Akondwa kwambiri. Akuti sanakwerepo bwato chibadwire, ndipo pa tchuthi cha kumayambiriro kwa Meyi akufuna tibwere limodzi, iwo ndi akazi awo, udzatiwolotse pa ulendo wako woyamba wa katundu wa a Sikelo. Ndavomera. Ndi anthu osavuta, koma uwauze alamu asese bwino chipinda chija, ndipo m'bwato mukhale thabwa louma lokhalira mayiwo.

Ine mkulu wako


16 Epulo

Alamu, amuna anga a ku tauni,

Moni. Ndine mkazi wa mng'ono wanu. Dzino ndinachotsa, ndiye m'kamwa mwatsala malo ambiri olankhulira. Mwini wake sakudziwa kuti ndikulemba, ndipo akadziwa kuno kudzakhala nkhondo, koma bola nkhondo kusiyana ndi zimene zikubwerazi.

Alamu, thanga lanu silikuyenda. Tsiku loliyesa padoko panadzaza, osoka maukonde, amayi ochapa, ngakhale nkhalamba yosaona ija anachita kuigwira dzanja. Mphepo inali yabwino. Atakweza, linaima chilili ngati chitseko. Bwato linapendama n'kuyamba ulendo wa cham'mbali, kutsidya kuli uko ilo likupita uku, mpaka linakalowa m'bango kumathiriro a mtsinje. Anakalikoka ndi amuna anayi, madzi ali m'chiuno. Nkhalamba ija inangofunsa kuti bwanji thangalo silikulira, lili ndi mimba koma?

Tsopano bwato la apongozi anga likutchedwa Chitseko. Mng'ono wanu akamadutsa padoko, wina amagogoda pathabwa n'kunena kuti odi, enawo n'kuyankha kuti lowani. Iye amaseka nawo, koma akafika kunyumba sadya. Iye anauza anthu kuti wolakwitsa ndi iyeyo poyeza zingwe. Dzina lanu silinatuluke pakamwa pake.

Anayesa kumanga momasula monga munanenera, thanga linangokwinyika pamwamba, pakati gwa. Anayesa kuphwasula ndi lezala, koma inu munasoka ngati mukumanga mfiti. Masana onse anaphwasula kachigawo kosakwana mkono, n'kudzicheka chala. Ndipo ngakhale ataphwasula, nsalu yowonjezera aitenga kuti kuno?

Nditamuuza kuti akulembereni zoona anandiyankha kuti, "Munthu anachoka kuno ali mwana. Lero wapanga chinthu cha bambo ake ndi mtima wonse, ine ndimuuze kuti n'chachabe?" Kalata yanu ya akapitawo itafika anakhala pakhonde ataigwira, kenako anandifunsa ngati tingabwereke thanga la munthu wina tsiku limenelo n'kunena kuti loyeralo tachapa. Ndi pamene ndinaona kuti amuna awiriwa manyazi awapha, ndipo adzatenga ndi ana anga omwe.

A Sikelo anabwera dzana. Anapeza thanga litafunditsidwa pankhuni kuseri kwa nyumba, anangoligwira m'mphepete n'kunena kuti nsalu yabwino. Popita anati mphepo ikuoneka kuti ifulumira chaka chino.

Ndiye ngati mukubwera ndi akapitawo anuwo, muwauze atenge nkhafi. Ngati mukubwera ndi nsalu ndi singano, chipinda ndasesa kale.

Ine mlamu wanu


21 Epulo

Alamu,

Moni, ndipo zikomo. Mwandimenya, koma mwamenya pamalo pake.

Akapitawo ndawauza zonse, pamaso pa anzanga, chifukwa ndi pamaso pawo pomwe ndinawerenga za msoko. Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka. Abwana andipatsa tchuthi monyinyirika, akuti ndiyambe ndamaliza malona awiri amene ali pamakina anga. Ndikangomaliza ndikwera lole. Ndatenga nsalu, ulusi, singano zazikulu ndi malezala paketi yonse.

Mumuuze kuti ndikubwera ndekha. Za kalata yanu sindidzatchula.

Ine mlamu wanu


2 Meyi

Mayi a ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ndinafika bwino, ngakhale lole inatigwedeza mafupa. Mundilembere ngati wamng'onoyo chifuwa chasiya.

Mng'ono wanga anandichingamira pamsewu n'kundilandira chikwama. Tinayenda mpaka kunyumba tikukamba za mvula, za msewu, za anthu amene anamwalira. Atapita kukanditungira madzi osamba ndinazungulira kuseri ndipo ndinaliona, lili pankhuni, nkhuku itakhala pamwamba. Timapepala tanga tija tinali tikadali pazingwe. Iye anandipeza nditaima pomwepo. Anaika ndowa pansi, ine ndinatulutsa malezala m'thumba n'kumupatsa limodzi.

M'mawa tinalinyamula kupita nalo kumchenga, ndipo panalibe njira ina koma yodutsa padoko. Wina anagogoda pathabwa. Ndinaima n'kuwauza kuti zingwe zinayezedwa bwino, wowongola mzere ndine. Bambo wina wosoka ukonde anati akudziwa kale, chifukwa munthu wobadwira padoko sangadule chonchija ngakhale ataledzera. Ndiye bodza limene mng'ono wanga anadzipachika nalo silinapusitse ngakhale mmodzi. Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana kumadzi.

Kuphwasula msoko wanga kwandiphunzitsa kudana ndi dzanja langa. Paliponse pamene ndinanyadira m'shedi muja, pano ndikutukwanapo chamumtima. Tikatha apo tikhoma zikhomo pamchenga, iye apinda nsungwi yopyapyala kuti ipereke mzere wokhota, ndipo ndidula chidutswa chowonjezera motsata nsungwiyo. Tepi wanga sanaufune. Kusoka kukhala kwa pamanja, makina kulibe, ndipo zala zanga zinazolowera kungokankhira nsalu pamakina.

Mphepo ya kumwera yayamba dzulo. Inatikwirira nsalu ndi mchenga. Tonse tinaimva, koma palibe anaitchula.

Ine bambo a ana


13 Meyi

Mayi a ana,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kuti chifuwa chasiya. Mwafunsa kuti zatha bwanji. Ndikuuzani mmene zilili.

Tinasoka kuyambira kukacha mpaka maso atasiya kuona ulusi, iye kuchokera uko ine uku, alamu akutibweretsera madzi ndi chipongwe. Posokerera chingwe cha m'mphepete ankandimenya padzanja ndikangoyamba kukoka nsalu. Makwinya amene akapitawo akanandibwezera, kuno ndiwo ofunika. Tili m'kati mosoka, m'mawa wina tinamva injini. Bwato la injini linadutsa pafupi ndi gombe litadzaza matumba ndi malata, madzi ali m'milomo. Mng'ono wanga anadzutsa mutu, analiperekeza ndi maso, kenako anapempha ulusi.

Tinamaliza dzana. Dzulo tinakweza. Mayi a ana, nsalu ija inapuma ngati chamoyo, inatupa pakati, ndipo bwato linanyamuka molunjika. Padoko palibe anagogoda. Popeza tinalibe katundu tinaika miyala m'bwato kuti lisapendame, n'kulunjika kutsidya kwa a Sikelo. Mng'ono wanga anandipatsa chingwe chofewa chija kuti ndigwire. Chimakoka ngati ng'ombe. Ndinasanza kawiri, koma sindinachisiye.

A Sikelo anatilandira bwino, anatipatsa mipando pakhonde la sitolo. Anati anationa tikubwera ndipo bwato likuyenda ngati la malemu. Kenako anati iwo anadikira mpaka mphepo itayamba monga ananenera, ndipo mawu anapereka kale kwa a injini, a chaka chonse, sangawabweze. Tidzayesenso chaka chamawa. Mng'ono wanga anali atagwira chipewa m'manja, akuvomera kuti n'zoona, n'zoona. Ine ndinkayang'ana nsapato zanga. Ndinafuna kunena kuti wolakwa ndine, koma a Sikelo sankafunsa za wolakwa.

Tinabwerera ndi miyala yathu yomweyo. Mawa mng'ono wanga akubwerera kokapalasa bwato la eni ake, bwato lathu lizidikira aliyense amene angafune kuwolotsa mbuzi kapena nkhuni. Ndinamupempha kuti ndikapalase m'malo mwake masiku atsalawa, anakana, akuti manja anga ndi a singano.

Njira yonse yobwerera ndinkakonza mawu opepesa. Titafika padoko tinayamba kutsitsa miyala, iye ali m'bwato akundipatsira, ine ndikuunjika pamchenga, anthu akutiyang'ana. Pa mwala womaliza ndinati tsopano ndinene. Ndinangoti mng'ono wanga, iye n'kundidula.

"Achimwene, werengani bwino, inu ndinu osamala. Katundu wafika yense, palibe wosweka."

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi pamiyalapo, ndipo nditasiya kuseka sindinathe kudzuka msanga. Iye anatsika n'kukhala pambali panga.

Ndikwera lole ya Lachisanu. Muuze ana asandifunse za bwato tsiku lomwelo.

Ine bambo a ana